Lipoti: kupanga ndi kuyeza polyaniline pa nsalu ya thonje m'chigwa cha Shire

Ndimaphunzitsa Physics ndi Chemistry pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Ngabu, ndipo labotale ya sukuluyo ili m'manja mwanga. Lipotili likufotokoza ntchito yomwe tinagwira ndi ophunzira a kalabu ya sayansi: kupanga polyaniline, yomwe ndi pulasitiki yodutsitsa magetsi, kuimatiriza pa nsalu ya thonje, ndi kuyeza mmene magetsi akudutsira mmenemo. Ndalilembera aphunzitsi anzanga ndi onse ogwira ntchito m'malabotale a kumalo otentha. Njira zolembedwa zopangira zinthu zimenezi zimayembekezera chipinda cha madigiri 20, pomwe kuno kumunsi kwa Shire, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40. Kusiyana kumeneku kumalowerera pa chilichonse, kuyambira m'bika (kapu yagalasi yosakaniziramo mankhwala) mpaka pa nambala yomwe mita ikuonetsa.

Pempho

Mayi wina woweta nkhuku zanyama, yemwe mwana wake ali m'kalabu yathu, ankadandaula kuti nkhuku zikamakula zimatupa maso ndi kupuma movutikira. Mlangizi wa ziweto anali atafika kale, naona kuti katemera wa chitopa zinalandira, ndipo iye analoza mpweya wa m'khola. Zitosi za nkhuku zimakhala ndi uric acid, yemwe tizilombo tosaoneka ndi maso timamuphwanya n'kutulutsa amoniya. Utuchi ukanyowa, kunja kukutentha, ntchitoyi imathamanga. Malangizo a ulimi wa nkhuku amati amoniya asapitirire 25 ppm, kutanthauza magawo 25 pa magawo miliyoni a mpweya.

Mayiwo anandiuza kuti, "Aphunzitsi, ine fungolo sindilimvanso, mphuno zinazolowera. Kodi palibe kanthu kotchipa kondiuza kuti lero zafika poipa?"

Ndinawayankha kuti, "Amayi, kanthu kotero tingayese kukapanga, koma mutipatse nthawi tikayeze kaye tisanakakhulupirire."

Pulasitiki imeneyi ndi yotani

Pulasitiki yomwe tonse timaidziwa ndi yokutira waya kuti magetsi asatigwire. Koma pali ma polima (mapulasitiki) ena omwe unyolo wa maatomu awo uli ndi ma bond awiriawiri osinthana ndi amodziamodzi, ndipo ma electron ena amatha kuyenda motsatira unyolowo. Mu 1977 Hideki Shirakawa, Alan MacDiarmid ndi Alan Heeger anaonetsa kuti polyacetylene ikalowetsedwa iodine imadutsitsa magetsi kuposa poyamba kuwirikiza mamiliyoni, ndipo mu 2000 analandira mphoto ya Nobel ya Chemistry chifukwa cha ntchitoyo. Polyaniline yokha ndi yakale kwambiri. Henry Letheby wa ku London anaipeza kale mu 1862, ngakhale nthawi imeneyo sankadziwa kuti ndi unyolo wautali.

Tinasankha polyaniline chifukwa imapangika m'madzi, sifuna moto kapena makina ochotsa mpweya, komanso imasintha mtundu moti maso amaona. Ikakhala ndi asidi m'kati mwake imakhala yobiriwira, dzina lake emeraldine salt, ndipo magetsi amadutsa bwino. Asidiyo akachotsedwa imasanduka ya buluu, emeraldine base, ndipo conductivity, yomwe ndi mphamvu yake yodutsitsa magetsi, imagwa kuwirikiza mamiliyoni ambirimbiri. Amoniya amachita zomwezo: amalanda proton pa unyolo n'kusanduka ammonium, resistance (kukana kudutsitsa magetsi) n'kukwera. Maganizo athu onse anatsamira pamenepa.

Kapangidwe

Tinatsatira muyezo womwe bungwe la akatswiri a Chemistry padziko lonse la IUPAC linafalitsa mu 2002 pofuna kuti malabotale osiyanasiyana azipanga chinthu chofanana. Amasungunula magalamu 2.59 a aniline hydrochloride m'madzi mpaka akwane mamililita 50, kwinaku magalamu 5.71 a ammonium persulfate m'madzi ena mpaka mamililita 50, kenako n'kuphatikiza. Pamatuluka ufa wa magalamu awiri kapena kupitirirako pang'ono, ndipo conductivity yomwe malabotalewo anapeza inali pafupifupi 4.4 S/cm (S/cm ndi muyezo wa conductivity). Mkuwa uli pafupi ndi 590,000 S/cm, choncho munthu asaganize kuti apanga waya wa m'nyumba. Mankhwala awiriwa tinawapeza kudzera kwa mnzanga wa mu labotale ina ku Blantyre.

Aniline ndi poizoni wolowera pakhungu, ndipo amalepheretsa magazi kunyamula mpweya wabwino. Sikelo ndi kusungunula ndinkachita ndekha, nditavala magolovesi ndi magalasi, mawindo onse ali otsegula. Ophunzira ankayamba kugwira ufa ndi nsalu zitatsukidwa kale.

Madzi ndiye anali nkhani yoyamba. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo madzi otere akatsukira polyaniline amachotsa asidi wina pa unyolo. Tinayesa dala pa kansalu kamodzi kuti ana aone: kobiriwira kaja kanayamba kuda, kulowera ku buluu, ndipo resistance inakwera. Kuyambira pamenepo ntchito yonse inali ya madzi opanda mchere (distilled water) omwe amagulitsidwa othira m'mabatire a galimoto. Potsuka ufa tinkagwiritsa ntchito hydrochloric acid wochepa mphamvu, wa 0.2 M, kenako acetone.

Yachiwiri inali kutentha. Tinapanga magulu awiri tsiku limodzi. Loyamba tinaliphatikiza pa tebulo masana, monga mmene chipinda chinalili. Lachiwiri tinaziziritsa kaye mabotolo onse awiri m'cooler box yodzaza madzi oundana omwe tinagula kwa ogulitsa mafirizesi pamsika, ndipo bika inakhala momwemo mpaka kumapeto. La pa tebulo silinachedwe: madzi oyera aja anachita buluu, kenako n'kukhala phala lobiriwira moderako, bika ikutentha m'manja, pakuti ntchitoyi imatulutsa kutentha kwake. La m'madzi oundana linakhala phee kwa nthawi ndithu, ophunzira ena mpaka kuganiza kuti lafa, kenako mtundu unayamba kuonekera m'mbali mwa galasi n'kufalikira pang'onopang'ono. Kuzizira kumapatsa mpata unyolo kukula motalika ndi mwadongosolo. Onse awiri tinawasiya usiku wonse, m'mawa n'kusefa.

Nsalu tinagwiritsa ntchito yoyera ya thonje, yomwe tinaiwiritsa kaye kuti sitachi ya kufakitale ichoke. Tinaidula timizere ta sentimita imodzi m'lifupi ndi masentimita 6 m'litali, n'kutiviika m'madzi a aniline tisanathire persulfate. Mwanjira imeneyi polima imamera pa ulusi weniweniwo, sikhala ngati penti yopaka pamwamba. Tinsalu tinatuluka tobiriwira ngati masamba okhwima a mango, ndipo titatsuka ufa womatirira pamwamba mtunduwo sunachoke.

Piritsi ndi jeke

Ufa suyezeka uli mbwee. Umayenera kupanikizidwa kukhala piritsi lolimba, ndipo muyezo wozolowereka ndi piritsi la mamilimita 13 m'mimba mwake, kukhuthala milimita imodzi, lopanikizidwa ndi mphamvu ya 700 MPa. Mukawerengera pa kukula kwa piritsilo, mphamvu imeneyi ndi yofanana ndi kulemera kwa matani 9 ndi theka. Mmisiri wina wa zitsulo ku Nchalo anatisemera chikombole chachitsulo, natiwotchereranso felemu yolimba, m'kati mwake tinaikamo jeke ya lole ya matani 10. Jeke ilibe geji, choncho tinagwirizana kuti munthu mmodzi yekha ndiye azipopa, mpaka pamene chogwirira chakana, ndipo piritsi lizikhala chopanikizidwa kwa mphindi zofanana nthawi zonse. Kukhuthala tinkayeza ndi micrometer malo angapo. Piritsi losweka m'mphepete kapena lonenepa mbali imodzi tinkaliphwanya n'kuyambiranso, chifukwa cholakwika cha pa kukhuthala chimalowa chathunthu mu yankho.

Chifukwa chake mawaya awiri sakwanira

Apa ndi pomwe ndikufuna anzanga akhazikikepo mtima. Munthu akapatsidwa piritsi ndi multimeter, amangogunditsa nsonga ziwiri n'kuwerenga ma ohm. Tinayamba ndi zomwezo kuti ophunzira adzionere okha. Aliyense ankapeza nambala yake. Wokanikiza mwamphamvu ankapeza yotsika, wogwira mofatsa yokwera, ndipo munthu yemweyo akasuntha nsonga pang'ono nambala inkasinthanso. Chomwe mita ikuwerenga pamenepo ndi mawaya ake, kuphatikiza malo awiri omwe chitsulo chakhudza polima, kuphatikizanso polimayo. Piritsi labwino resistance yake ndi ma ohm ochepa kwambiri, moti malo okhudzanawo ndi amene amalamulira nambala yonse.

Mankhwala ake ndi mawaya anayi. Awiri amalowetsa ndi kutulutsa current, ena awiri amayeza voltage. Popeza voltmeter simakoka current yoti n'kuitchula, resistance ya pamalo pomwe mawaya ake akhudza siisokoneza kanthu. Pa piritsi tinatsatira njira yomwe Leo van der Pauw wa ku kampani ya Philips anafalitsa mu 1958: nsonga zinayi zing'onozing'ono m'mphepete mwenimweni mwa chinthu chophwatalala, chokhuthala mofanana, chopanda bowo. Current imalowa pa nsonga ziwiri zoyandikana, voltage n'kuyezedwa pa ziwiri zotsalazo. Kenako mumazungulira mbali ina n'kubwereza. Ngati nsongazo zatalikirana mofanana ndipo mayankho awiriwo agwirizana, mumagawa voltage ndi current, n'kuchulukitsa ndi 4.53, n'kuchulukitsanso ndi kukhuthala kwa piritsi m'masentimita. Yankho ndi resistivity, ndipo conductivity ndi 1 kugawa ndi nambala imeneyo.

Ndi bwino kuwerengera pasadakhale zomwe mukuyembekeza. Piritsi la milimita imodzi la 4.4 S/cm, mukalipatsa 1 mA, voltage yake idzakhala theka la millivolt basi. Multimeter wamba pa 200 mV imaona kuyambira 0.1 mV, ndiye kuti nambala yotere singadalirike. Pa 10 mA mupeza 5 mV, yomwe ikuwerengeka bwinoko. Kukweza kwambiri kuposa apo kumatenthetsa piritsi, resistance n'kumatsika mukuyang'ana. Current tinkaitenga ku batire ya 9 V kudzera mu resistor yodziwika, ndipo mita yachiwiri inkaiyeza nthawi zonse. Muyezo uliwonse tinkautenga kawiri, kachiwiri titatembenuza batire, n'kutenga pakati pa mayankhowo. Kutero kumachotsa ka voltage kabodza komwe kamabadwa pamene zinthu ziwiri zosiyana zakhudzana mbali ina ikutentha kuposa inzake. Pa chipinda cha malata masana, kameneka sikasowa.

Nsonga zamkuwa zinachita dzimbiri lobiriwira mwamsanga chifukwa cha asidi wa mu polima. Pa piritsi tinasinthira ku mitima ya pensulo, ndipo pa nsalu tinagwiritsa ntchito timitengo ta makala ta m'kati mwa mabatire akale a tochi, titatitsuka ndi kutipala. Tinakhomera tinayi pa thabwa motalikirana sentimita imodzi imodzi, kansalu n'kugonekedwa pamwamba, kathabwa kena n'kupanikiza ndi mphira.

Zotsatira zake: mapiritsi a gulu la m'madzi oundana anadutsitsa magetsi bwino kuposa a gulu la pa tebulo, ndipo mayankho awo ankayandikana, pomwe a pa tebulo ankamwazikana. Magulu onse awiri anatsalira pang'ono pa nambala ya IUPAC, zomwe ndikuziika pa jeke yathu, chifukwa ufa wosapanikizika mokwanira umasiya timipata pakati pa timibulu. Pa current zonse zomwe tinayesa, voltage inkakwera molingana ndi current, kusonyeza kuti nsonga zathu zinkagwira bwino. Tinsalu tinali m'ma kilo-ohm. Kumeneko sitinawerengere conductivity, popeza nsalu ndi ulusi ndi mphepo, ndipo kukhuthala kwa polima pa ulusi sikungayezedwe ndi micrometer. Tinkangolemba resistance ya kansalu kalikonse ndi kutsatira kusintha kwake.

Kansalu kamodzi, nambala zambiri

Tinasiya kansalu kamodzi pa thabwa n'kumakawerenga m'mawa, masana ndi madzulo. Popanda amoniya aliyense, nambala sinakhale malo amodzi. Zoyambitsa zinali ziwiri, ndipo zinkakokerana.

Kutentha kukakwera, resistance ya polyaniline imatsika. Mkuwa umachita zosiyana, resistance yake imakwera pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse. Mu polima magetsi sayenda njira yosalala. Pali tizigawo tomwe unyolo wayalana bwino ndi tina tosokonekera, ndipo electron imachita kudumpha kuchoka pena kupita pena, monga munthu wodutsa m'dambo amadumphira pa zitsa za udzu. Kutentha ndiko kumaipatsa mphamvu yodumphira. Chinyezi nachonso chimatsitsa resistance, chifukwa madzi olowa mu polima amathandiza ma proton kusuntha, ndipo thonje limamwa chinyezi mosavuta. Kuno m'mawa kumakhala kozizirirako koma kwachinyezi, masana kotentha koma kouma. Choncho masana kutentha kumakokera nambala pansi pomwe kuuma kukuikokera m'mwamba, ndipo chomwe chapambana tsiku limenelo ndicho mita imaonetsa.

Kuti tizilekanitse tinagwiritsa ntchito mabotolo agalasi otsekeka bwino, mawaya akutulukira pa chivindikiro chomatidwa ndi guluu. M'botolo loyamba tinaikamo silica gel kuti muume, m'lachiwiri phala la mchere wa pa ndiwo wonyowetsedwa, lomwe limasunga chinyezi pa 75 peresenti kaya kukutentha kaya kukuzizira, m'lachitatu madzi okha. Kansalu kankapachikidwa m'mwamba osakhudza za pansizo. Mabotolowo tinkawamiza m'beseni la madzi omwe kutentha kwake tinkakusintha ndi madzi oundana kapena ofunditsa, thermometer ili momwemo. Pamafunika kudekha, chifukwa kansalu kamatenga maola kuti kakhazikike pa chinyezi chatsopano. Tinapeza kuti pa nsalu ya thonje chinyezi chimasuntha nambala kwambiri kuposa kutentha, pomwe pa piritsi, lomwe ndi lothinana, kutentha kumaoneka msanga ndipo chinyezi chimalowa mochedwa.

Kuchokera pamenepo tinakhazikitsa lamulo m'kope la kalabu: nambala iliyonse ilembedwe pamodzi ndi ola, kutentha, botolo lomwe chinthucho chinali, ndi tsiku lomwe chinapangidwa. Nambala yopanda zimenezi ndinkaikana, ngakhale itaoneka yokongola bwanji. Ndimaona kuti ili ndiye phunziro la sayansi lomwe ana athu amalisowa kwambiri, pakuti mayeso amawazoloweretsa kuti chinthu chilichonse chili ndi yankho limodzi losasintha.

Amoniya

Dontho limodzi la amoniya wosungunulidwa kwambiri, litaikidwa pa kapepala pansi pa botolo, linakweza resistance mwachangu ndiponso kwambiri kuposa mmene chinyezi chinachitira. Titatsegula botolo nambala inayamba kutsika, koma mochedwa, ndipo sinabwerere pomwe inayambira. Kansalu komwe kanakumana ndi amoniya wambiri kanachita buluu ndithu, ndipo kanabwerera ku mtundu wake titakaviika mu asidi.

Vuto linali lakuti m'khola amoniya amakhala wochepa, ndipo kusintha kwake kungabisike m'kusintha kwa chinyezi. Tinaganiza zoika tinsalu tiwiri todulidwa pa nsalu imodzi. Kena kakhale poyera, kena kakhale m'kachitini komwe pakamwa pake tatseka ndi pepala losefera loviikidwa mu citric acid n'kuumitsidwa. Asidiyo amagwira amoniya koma nthunzi ya madzi imadutsa. Tonse tiwiri timamva kutentha ndi chinyezi chimodzimodzi, koma amoniya amafika pa kamodzi kokha. Chomwe timalemba ndi resistance ya kapoyera kugawa ndi ya kobisika. M'mabotolo athu nambala yogawayi inakhazikika bwino kuposa ya kansalu kamodzi, ngakhale ka m'chitini kamatsalira m'mbuyo chinyezi chikasintha mwadzidzidzi. Popeza tinsalu tili m'ma kilo-ohm ndipo timakhala topanikizidwa pa makala osasunthidwa, m'khola mawaya awiri anakwanira.

M'khola

Khola la mayi aja ndi la njerwa zofika m'chiuno, pamwamba pake waya, denga la malata, ndipo usiku amatchinga mbali zonse ndi masaka poopa akuba ndi mphepo. Tinapachika thabwa lathu pa msinkhu wa mutu wa nkhuku, titalitchinga ndi waya kuti zisajompholepo. Msinkhuwu ndi wofunika, chifukwa amoniya amachokera pa utuchi, ndipo nkhuku imapuma pafupi ndi pansi pomwe mphuno ya munthu woimirira ili kutali. Mwana wa mayiwo ndiye ankawerenga mita ndi kulemba.

Nambala inkakwera usiku, n'kufika pachimake m'bandakucha masaka asanachotsedwe, kenako n'kumatsika mphepo ikayamba kudutsa. Titasunthira thabwa pafupi ndi zomwera, pomwe utuchi unali wonyowa ndi wogwirana, inakwera kuposa ya kumakona ouma. Chipangizochi sichinena kuti amoniya ndi ma ppm angati, pakuti tinalibe mpweya wa mlingo wodziwika woti tichifananize nawo. Chimangonena kuti pano pali wambiri kuposa apo, kapena lero kuposa dzulo. Ndinawauza mayiwo zimenezi mosabisa, kuti asadzachiyese dokotala. Pogwirizana ndi mlangizi wa ziweto, anayamba kusiya mpata wa m'mwamba mwa masaka usiku, anakweza zomwera pa njerwa kuti madzi asamatayike, ndipo utuchi wonyowa amauchotsa tsiku lomwelo. Nambala ya m'bandakucha inatsika. Za maso a nkhuku, iwo akuti gulu lotsatira linali bwinoko, koma nyengo inali itasinthanso, choncho sindingaziike zonse pa kusintha kwa mpweya.

Kukalamba kwa tinsalu

Chomwe chikutivutitsabe ndi moyo wa kansalu. Hydrochloric acid amauluka, ndipo pansi pa malata otentha resistance ya tinsalu tonse, ngakhale tosungidwa m'kabati, imakwera sabata ndi sabata. Tinayesa kuchotsa asidiyo ndi amoniya n'kulowetsamo sulfuric acid wa m'batire ya galimoto, titamusungunula kwambiri. Ameneyu sauluka ndipo nambala inakhazikika, koma amadya thonje. Patapita nthawi kansalu kankang'ambika pongokakoka pang'ono. Nsalu ya polyester imapirira asidi, ngakhale polima siimatirira mofanana ngati pa thonje, ndipo imafuna kuviikidwa kawiri. Ubwino wina ndi wakuti polyester simwa chinyezi chambiri, choncho nambala yake sivinavina ndi nyengo. Gulu lomwe tikukonzekera kupanga lidzakhala la polyester ndi sulfuric acid, ndipo tidzaliyeza m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chinyezi cha m'chigwa chimakhala pamwamba usana ndi usiku.

Pakadali pano tinsalu ta thonje ta m'khola timasinthidwa tonse tiwiri pamodzi gulu latsopano la anapiye likamalowa, pepala la citric acid nalonso. Madzi otsala posefa, omwe amakhala ndi asidi ndi zotsalira za aniline, sitiwataya pansi kapena m'ngalande, chifukwa kuno madzi apansi ali pafupi ndipo mjigo wa sukulu suli patali. Timawathira laimu kuti asidi athe mphamvu, n'kuwasunga m'chigubu cholembedwa bwino ndi chokhomedwa m'kabati, mpaka atapezeka wopita nacho ku labotale ya ku Blantyre komwe mankhwalawo anachokera.